Chigafa chimene ndinawotcha pa foni

Moni awulutsi ndi omvera nonse. Ndine mnyamata wa Fomu 3 wa ku Namitete. Kusukulu amandidziwa ndi zachibwana, ndipo sindibisa, zimandikoma.

Tsiku lina ndinajambula chigafa cha amalume, fodya ali thoo. Pa pulogalamu yokonzera zithunzi ndinaika malawi padenga, ndinafiiritsa nsanamira ndi dothi lapansi, utsi n'kuupendeketsa kutsata mphepo. Moto wake, eee, ngakhale ine mwini unandiopsa! Ndinatumizira amalume ku Lilongwe, ndikufa ndi phwete.

Amalume anaimbira tenanti wawo, bambo ochokera ku Mulanje, amene anali kumsika ku Msundwe. Pasanapite nthawi ndinawaona bambowo akuponya njinga pamsewu, akuthamanga nsapato imodzi itavuka. Fodya sanamuyang'ane n'komwe. Analowa m'chigafa n'kutuluka atakumbatira kamwana kawo kakazi, kakutikita m'maso ndi tulo.

Atamva kuti ndi ine, sanakalipe. Anangoti, "Tationetsani, achimwene." Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka analoza pomwe panali lawi lalikulu.

"Mumatha ndithu. Koma apa mpamene mwanayu amagona masana, mayi ake akapita kudimba."

Anzanga mpaka lero amatama moto umenewo, ndipo sindikana, unali wabwino. Koma bambowo amandipatsabe moni waulemu m'mawa uliwonse, ine n'kumayankha ndikuyang'ana zala zakumapazi.

Anzanga a mafoni, musanayatse moto pa chithunzi, yambani mwafunsa amene amagona m'katimo.