Voti Yopita Nayo Kunyumba

Dzuwa likuswa mtengo pamzere wovotera ku Brikama, komwe anthu amavota poponya kampira mumgolo, mayi Jankey anacheuka atamva bambo wina wosamudziwa akung'ung'udza kumbuyo kwawo.

"Lero akandipatsa kampira kagalasi kovotera kaja, sindikaponya mumgolo ayi. Ndipita nako kwathu."

"Iii bambo, si voti yanu imeneyo?"

"Ulendo watha ndinaponya, belu lamumgolo linalira kuti ngee, koma msewu wakwathu ukadali dambo. Boma silinandipatsepo kanthu m'manja kupatula kampirako, ndiye ndizikabwezanso?"

"Belu likapanda kulira adziwa kuti mwaba. Apolisi akulondolani mpaka pakhomo."

"Mpaka kwathu? Pagalimoto ya boma?"

"Eya, nanga abwera wapansi?"

"Mayi, mwandithandiza. Abwere ndithu, adzatitimire. Msewuwo boma liwuona lero."