Netiweki Ili Kuseri kwa Mpanda

— Halo?

— Halo, Bambo? Mukumveka patalipatali.

— Halo! Ndine bambo ako.

— Ndadziwa, dzina lanu latuluka pafoni. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe mwanangu?

— Ndaswera bwino. Amayi ali bwanji? Bondo lija?

— Bondo lilipo, silinapite kulikonse. Akamwini anga ali bwanji? Nanga tizidzukulu tanga?

— Onse ali bwino. Wamng'onoyu wayamba kuyenda, akugwetsa chilichonse m'nyumba muno.

— Watengera mayi ake.

— Yambani. Nanga nkhuku zinkadwala zija?

— Nkhuku zinachira. Wodwala pano ndine.

— Ii, mwatani Bambo?

— Ndadwala kabokosi kako aka.

— Rauta ya intaneti ija? Yafika?

— Inafika dzana. Ndiye ine kuitsegula, kuti ndi... ka... yofi...

— Bambo, mukudukaduka. Dulani ndikuyimbireni ineyo.

— Usadule! Ukadula sundipezanso. Ndakwera pachitsa chija cha pafupi ndi khola, dzanja lili m'mwamba ngati mwana wasukulu wopempha kupita panja. Mayunitsi anga akupsa, ungomvetsera.

— Ndikumva.

— Iwe unauza a kampani kuti adzachotse waya wanga wa intaneti. Anabwera, anadula, anakulunga, anaponya m'galimoto, ulendo. Ngakhale pepani.

— Waya uti, Bambo? Uja unkagwira ntchito dzuwa likawala basi? Mvula ikagwa, zii. Mphepo ikawomba, zii. Mbalame ikangoterapo, zii.

— Koma unali wanga. Ukafa ndinkadziwa pokaugwedeza. Ndimatenga nsungwi, kupita kudambo, kugogoda pholo lachitatu, basi wadzuka. Nanga aka ndikagogoda pati?

— Ndiye tsiku la intavyu ya ntchito ya mng'ono wanga munagogoda bwanji osadzuka?

— Tsiku limenelo nthambi inagwera.

— Mwana ali pakati poyankha funso, nkhope n'kuuma pa sikirini kukamwa kuli yasaa. Mabwana a kulabotale aja anamuchitira chifundo pomupatsa mwayi wina. Ananena okha kuti ndi womaliza. Ndi mawa m'mawa, Bambo.

— Ukuganiza kuti ndaiwala? Ndikukhala naye nyumba imodzi. Bulauzi yake wayisita kawiri, kudya sakudya, akungoyankhula yekha pagalasi. N'chifukwa chake ndakuyimbira. Kabokosi kako kakungoyaka nyali yofiira ngati diso la chidakwa.

— Simu khadi munaika bwino? Mbali yonyezimira iyang'ane pansi.

— Sindinabadwe dzulo.

— Bandulo ndinaikamo ndekha, imeneyo ilimo. Munakayesa pawindo?

— Pawindo la pabalaza, chofiira. Pawindo la kuchipinda, chofiira. Pamwamba pa firiji, chofiira. Pamwamba pa kabati ndagwetsa mbale za mayi ako zija sadyeramo munthu, mpaka pano sakundiyankhula bwinobwino.

— Mayo ine, mbale zamaluwa zija?

— Usandiyambitse. Dzulo ndinakwera makwerero kupita padenga.

— Padenga! Pa msinkhu wanuwo?

— Mayi ako akukuwa pansi, galu akuuwa, ine ndili pamalata ndanyamula kabokosi ngati ndikupereka nsembe. Chofiira!

— Koma wogulitsa uja anandionetsa mapu. Dera lanu lonse ndi lobiriwira.

— Umuuze abwere adzakhale pamapupo.

— Ndiye palibe paliponse pamene yayaka yobiriwira? Ngakhale kuphethira chabe?

— ...

— Halo? Bambo?

— Ndilipo.

— Ndafunsa funso.

— Netiweki ikuvuta.

— Netiweki sikuvuta, ndikumva mpaka nkhuku. Yayaka pati?

— Ndinalumikiza ma ekisitenshoni onse a m'nyumba muno, wa TV, wa firiji, wa ayironi. Ndinawakoka mpaka kumpanda wakumtunda. Pamenepo kanayamba kuphethira.

— Eya! Kenako?

— Kenako ndinatambasula dzanja kudutsitsa pamwamba pa mpanda. Kanayaka mbee, nyali zonse zinayi.

— Mpanda wakumtunda... Kumeneko si kwa bambo aang'ono?

— Kwa Pulofesa, inde. Netiweki yonse ya dziko lino Mulungu anakaikhuthulira pakhonde pa mng'ono wanga. Mwa makonde onse!

— Ndiye vuto lili pati? Nyumba yawo ili pamtunda, magetsi ali nawo, chipinda chopanda phokoso ali nacho. Mwana anyamule laputopu ndi rauta, akakhale kumeneko ola limodzi.

— Ayi.

— Bambo...

— Ndati ayi. Akhala pampando m'mbali mwa mpanda, ine ndiima ndi kabokosi dzanja lili uko.

— Ola lathunthu? Ndi mitambo imene Amayi akuti yadzadza kumeneko? Mabwana aziona mwana wanu ali m'tchire, mbuzi zikudutsa kumbuyo?

— Ndimufunditsa ambulera.

— Ndi dzanja liti? Bambo, mukundipweteketsa mutu. Nkhani ya pholo ija mpaka lero?

— Si nkhani yaing'ono! Ndinamupempha bwinobwino, pholo limodzi lokha liime m'dimba mwake kuti waya ubwere molunjika. Anakana, akuti liphwanya kabichi. Waya wanga n'kuzungulira kudambo, m'mitengo, m'matope. Mavuto onse a waya uja ndi iyeyo.

— Anakuuzaninso kuti za mawaya zikutha, mugule ya m'manja.

— Eetu, atapachika magalasi pamphuno ngati anapita kusukulu kuposa ine. Akuti, akulu, tsogolo lili m'mwamba. Pamaso pa alendo! Ndiye ine ndinayankha.

— Ndikukumbuka, ndinalipo.

— Ndinati, tsiku limene ndidzaponde pakhomo pako kudzapempha netiweki, udzandimete ndevu zonsezi ndi manja ako. Anthu anaseka, anawomba m'manja. Iye anati, lezala ndisunga.

— Zinali zocheza, Bambo.

— Zocheza? Ndevu izi ndinayamba kusunga iwe usanabadwe. Mayi ako sanaonepo chibwano changa. Ine ndemwe sindikuchikumbuka.

— Ndiye mwana aluze ntchito chifukwa cha chibwano?

— Usandiyankhule ngati ndine mnzako wa kuofesi.

— Pepani. Koma ndikufunseni. Amayi akamandiyimbira pavidiyo Lamlungu lililonse, mumaganiza kuti amakhala ali pati?

— Amati akupita kukaona odwala.

— Kumbuyo kwawo kumaoneka katani yachikasu ya mizeremizere. Kwanuko kuli katani yachikasu?

— ...Mayi ako?

— Ndi tiyi m'manja.

— Chaka chonsechi ine ndikugogoda mapholo kudambo, mkazi wanga akumwa tiyi kwa Pulofesa!

— Ndipo dzulo anakawapempha za intavyuyi. Bambo aang'ono anati chipinda chilipo, tebulo lilipo, soketi ilipo. Anangoti, akulu anga abwere okha adzanene.

— Waona? Waona mtima wake? Akufuna ndevu!

— Mwina akufuna mkulu wawo, Bambo.

— Akufuna ndevu. Ndimamudziwa, ndinamubereka kumsana ameneyo. Nanga mwanayo bwanji osangopita yekha mwakachetechete ngati mayi ake? Ine ndiyang'ana kumbali.

— Ndamuuza zimenezo m'mawa uno. Wakana.

— Wakaniranji?

— Akuti inu munanena kuti mwana wanu aliyense asadzapondeko. Akuti bola ntchitoyo imudutse kusiyana n'kuti anthu azikusekani pamsewu. Amalira, Bambo. Anandiletsa kukuuzani.

— Ananena choncho?

— Mawu ake enieni.

— Mwana wopusa. Sukulu yonse ija, mabuku onse aja, kuwerenga mpaka maso kufiira, ndiye aziteteza ndevu za nkhalamba? Watengera ndani kuuma mutu kumeneku?

— Ndiyankhe?

— Usayankhe. Tadikira, ndikutsika pachitsa. Ndilowe m'nyumba kaye.

— Mukalowa m'nyumba foni iduka! Bambo? Halo?

— ...kabati... ali kuti ka... mayi ako amasuntha chili...

— Halo? Sindikumva kanthu. Mukutsegula madirowa? Bambo!

— ...

— Halo! Aa, koma abambo awa.

— Ndilipo, usakuwe, khutu langa ndi lomweli.

— Munapita kuti?

— Ndimatenga zinthu. Iwe, kabokosi aka kakazimitsidwa n'kuyatsidwa kwina, sikaiwala zimene unaikamo?

— Sikaiwala. Mungolowetsa kusoketi, mudikire pang'ono. Pasiwedi ili pansi pake.

— Chabwino. Choka iwe! Bwerera kunyumba! Galu uyunso, akufuna akaonerere.

— Akaonerere chiyani? Bambo, mukupuma mwamphamvu. Mukuyenda?

— Ndikuwongola miyendo. Ndi mlandu?

— Koma mwayamba kumveka bwino. Kudukaduka kuja kwatha.

— Mphepo yasintha.

— Ayi, mukumveka ngati muli m'chipinda muno. Chiyambireni simunamvekepo chonchi. Muli pati?

— Pamsewu.

— Msewu uti?

— Uli ndi mafunso ngati wapolisi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, si choncho? Ndili pageti pake. Wapentanso geti, taona mtundu wake, ngati chipatala cha ziweto.

— Bambo...

— Usayambe kulira, mayunitsi atsala pang'ono. Ukadula apa umuyimbire mng'ono wako. Umuuze adye, agone msanga. Mawa alawirire kuno ndi laputopu yake, asaiwale tchaja. Bulauzi ija asaisitenso, ipsa.

— Ndimuuza. Rauta mwanyamula?

— Ili m'jumbo. Pamodzi ndi sopo, thaulo ndi lezala.

— Lezala? Si anati asunga yawo?

— Ya zaka zonsezi? Yachita dzimbiri imeneyo, andidula nayo khosi. Ndatenga yatsopano.

— Mwina sakumetani n'komwe.

— Andimeta. Akapanda kundimeta ndiye kuti wandipeputsa. Mawu ndinanena ndine, pamaso pa anthu. Odi! Odi kuno! Taona, katani ija yagwedezeka, yachikasudi. Akundisuzumira.

— Atuluka?

— Akutuluka. Wavala magalasi. Ii, koma wakalamba mng'ono wanga. Wayamba liti kuyendera ndodo? Palibe anandiuza.

— Simunafunse, Bambo.

— Basi, basi, foni ikulira kuti mayunitsi atha. Upereke moni kwa akamwini. Ndipo uwachenjeze adzukulu anga, Lamlungu pavidiyo akaona munthu wachilendo pafupi ndi agogo awo aakazi asathawe, ndi ine ndemwe. Eee, Pulofesa! Usangoima pamenepo ngati pholo, tulutsa mpando ndi madzi ofu...

— Halo? Bambo? Halo?