Wotchi Yodya Mkono

Pa siteji ya Goliati, mayi wina wosenza dengu la nthochi anayandikira bambo amene ankangogwedeza mkono ngati akuthyola tiyi wosaoneka.

"Pepani bambo, minibasi zonsezi zikuimira inu. Bwanji simukukwera?"

"Sindikuimitsa minibasi, mayi. Ndikudyetsa wotchi."

"Wotchi imadya?"

"Iyi imadya mkono, ilibe batire. Inali ya malemu bambo anga, ankathyola tiyi ku esiteti. Mkono ukamayenda, nayonso imayenda."

"Ikuoneka yakale ndithu."

"Wokonza mawotchi ku Limbe anaitsegula kumbuyoku, n'kuona nambala yake ndi kagalasi. Akuti ndi ya nthawi ya chitaganya. Anandilangiza kuti ndisasambe nayo, ndisaithirenso mafuta ophikira ngati mmene ankachitira malemuwo."

"Ndiye bwanji osangoisunga m'bokosi?"

"Pamaliro achibale anagwirizana kuti tsiku limene idzaime, idzapita kwa achimwene anga, a Ridwan. Iwowo ndi a kabaza, mkono wawo umangonjenjemera tsiku lonse. Ine ndine mlonda, ntchito yanga ndi yongokhala."

"Nanga mukamagona?"

"Timasinthana ndi akazi anga. Pano akudandaula kuti mkono wawo wakumanzere wakula kuposa unzake. Akufuna kukatula nkhaniyi kwa ankhoswe."

"Banja lingathe chifukwa cha wotchi?"

"Banja limakambirana, mayi. Wotchi ikaima, yaima."

"Chabwino. Tandiuzani nthawi, ndikuthamangira kuchipatala."

"Imeneyo funsani amene ali ndi foni. Mivi yake inathothoka bambo akadali moyo."