Ndinagwada ku Paraguay ndipo sindinapepese

Akulu a pa wailesi, mundiwerengereko kalata iyi. Ndine mayi wa ku Thyolo, ndinakulira m'malayini a pa esiteti ya tiyi. Ndinapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi ku Paraguay, dziko lolankhula Chisipanishi. Kumeneko tiyi wawo ndi wowawa, ndipo amamwera m'chikho chimodzi mopatsirana.

Tsiku lina makolo a mwana wa m'kalasi mwanga anandiitanira kwawo. Agogo ake a mwanayo, mutu uli mbuu ndi imvi, atandipatsira chikho, ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri. Bambo a mwanayo anakwinya nkhope. M'mawa mwake ahedi anandiitana ku ofesi.

"Madamu, makolo akudandaula," anatero ahedi. "Akuti mphunzitsi wa Chingerezi sagwada ngati wantchito. Ena ayamba kale kufunsa kuti tipeze mphunzitsi wachizungu. Musiyiretu zimenezi."

Mtima unandiwawa, ndipo ndinkadziwa kuti ntchito ingathere pomwepo. Koma ndinayankha kuti, "Ahedi, agogo anga atabwera kuchokera ku Mozambique, ankagwadira bwana wa esiteti poopa chikoti. Kugwada kwa wantchito n'kumeneko. Ine ndimagwadira imvi, popanda wondikakamiza. Ngati Chingerezi changa n'cholakwika, ndichotseni. Koma mawondowa ndi anga."

Makolo ena anachotsadi ana awo, ndipo zinandipweteka. Koma ntchito ndikadali nayo. Agogo aja amandiitanabe Lamulungu lililonse, ndipo chikho chikadzazidwa amayamba kupatsa ine.

Inu opita kunja, Chingerezi kaphunzitseni ndithu, koma mawondo anu musawasiye pa bwalo la ndege.