Makanema a Bambo Thole ndi Nkhokwe Yatsopano ya ku Mzimba

Olemekezeka Bwanamkubwa wa boma lino la Mzimba. Olemekezeka Inkosi ndi mafumu onse amene mwatilandira m'dera lanu. Olemekezeka Phungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Abusa ndi atsogoleri a mipingo. Mayi Victoria Ngulube, wapampando wa bungwe la Mawoko Ghithu, pamodzi ndi komiti yanu. Aphunzitsi a ana osamva amene mwachokera ku Embangweni, ku Jenda ndi madera ena. Abale ndi alongo athu amene mumalankhula ndi manja, inu eni ake a tsikuli. Amayi ndi abambo, monire mose.

Chitumbuka changa chathera pomwepo. Sekani ndithu, palibe mlandu. Ine ndine Stafford Chilamba, kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakulira ku Chikangawa kumene bambo anga ankacheka matabwa, ndipo Chitumbuka chimene ndinatola kumeneko ndi cha pabwalo la mpira, chosayenera kuchitulutsa pamaso pa Inkosi. Choncho ndilankhula Chichewa, ndipo ndilankhula modekha kuti a Esme, amene akumasulira ndi manja pambali pangapa, asatope ndi liwiro langa.

Tasonkhana kudzatsegulira makina osungira makanema a chinenero cha manja. Amene mwasuzumira m'chipinda chija mwaona kabati yachitsulo ikung'ung'udza, timagetsi tobiriwira tikuphethira, ndipo mwina mwadzifunsa mumtima kuti: kodi n'zomwezi tavalira masuti? Funsolo ndi labwino, ndipo ndiliyankha ndi nkhani ya munthu mmodzi.

Pa Jenda panali mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula, dzina lake Bambo Kingstone Thole. Anabadwa osamva, ndipo kusukulu sanapondeko, chifukwa m'masiku awo mwana wotere ankangomutuma kukaweta ng'ombe. Koma ankalankhula. Iwo ndi anzawo a msinkhu wawo anali ndi zizindikiro zawozawo za mvula, za maliro, za kunenerera mtengo pamsika, zina zimene achinyamata a lero sazidziwa. Bungwe lino litangoyamba kumene, linagula kamera n'kuyamba kujambula achikulire oterowo, ndipo Bambo Thole ndi amene anajambulidwa kwambiri, poti anali munthu wanthabwala, wosatopa kufotokoza. Patapita nthawi anadwala, n'kutisiya.

Nthawi imeneyo ine ndinkakonza makompyuta ku Mzuzu. Tsiku lina ndinaitanidwa kuno kuti makanema asowa. Nditafika ndinapeza kuti makanema onse ankasungidwa m'bokosi limodzi la madisiki awiri, lokonzedwa kuti chilichonse cholembedwa pa disiki yoyamba chizilembedwanso pa yachiwiri. Bokosilo linadzaza. Munthu wina wongodzipereka kuthandiza, wamtima wabwino ndithu, anafufuta foda ya makanema akale kuti apeze malo a atsopano, poganiza kuti pa disiki yachiwiri atsala. Iye sanadziwe kuti disiki yachiwiriyo imatsanzira zonse zimene inzake yachita, kulemba ndi kufufuta komwe. Pamene anthu ankazindikira, makanema atsopano anali atalembedwa kale pamalo a akalewo.

Ndili mkati moyesa nzeru zanga, analowa mayi wachitsikana, atabereka mwana kumbuyo. Anali Providence, mwana wa malemu Thole. Iye amamva bwinobwino, ndipo ndiye ankamasulira bambo ake pojambulidwa. Anakhala pampando pafupi nane, n'kunena kuti, "Abwana, ndapota, yesetsani. Adada sankadziwa kulemba, ndipo mawu awo sanamvekepo ndi khutu la munthu. Zonse zimene ananena pa dziko lino zinali m'manja mwawo. Mwana uyu sanawaone. Ndimuuza kuti agogo ake ankalankhula bwanji?"

Ndinamuyankha kuti, "Chemwali, ndiyesa, koma sindikulonjeza."

Ndinafukula zimene ndikanatha. Mafayilo ambiri ankatseguka ali mabala okhaokha, ena osatseguka n'komwe. Pa zonse za Bambo Thole panatuluka kachidutswa kamodzi, kakafupi kuposa moni wa pamsewu. Ndinachita manyazi kukaonetsa, komabe ndinamuitana. M'kachidutswako bambowo akhala pachitsa, ndowa yosatha ili pamiyendo. Akucheukira kumbali, kwa munthu amene kamera sinamugwire, akuika zala ziwiri pamlomo, kenako akugwedeza chibakera, n'kuseka. Basi, kathera pomwepo.

Ndinati, "Pepani, ndi zokhazi."

Providence sanandiyang'ane. Anangoti, "Bwezaninso." Ndinabweza. "Bwezaninso." Kenako anamasula mwana kumbuyo, n'kumukhazika pamiyendo moyang'ana kompyuta, n'kunena kuti, "Zala ziwiri pamlomo, ndi dzina langa limenelo. Ndili khanda ndinkayamwa zala ziwiri, mbwenu adada anandipatsa dzina lomwelo. Apa akundituma nyundo."

Olemekezeka, ndagwira ntchito ya makompyuta zaka zambiri, ndasunga za mabanki ndi za makampani akuluakulu, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa chimene chimakhala m'madisiki. Chichewa chikatayika pakompyuta, tidzachipeza m'mabuku ndi m'nyimbo. Chinenero cha manja sichigona papepala. Chimakhala m'zala, m'mapewa ndi pankhope ya munthu, ndipo munthuyo akapita, kanema ndiye yekha amatsala. Achikulire amene anali moyo anajambulidwanso. Amene anali atamwalira, nkhani zawo zinapita nawo kachiwiri, ndipo palibe katswiri amene adzazibweze.

N'chifukwa chake makina amene tikutsegulira lero anamangidwa mosiyana. Madisiki ake ndi ambiri, koma aphatikizidwa kukhala nkhokwe imodzi, ndipo nkhokweyo ikayandikira kudzaza, palibenso wofufuta za akufa kuti apezere malo amoyo; mungowonjezera madisiki ena, nkhokwe n'kukula. Disiki imodzi ikafa, zinzake zimasenza katundu wake kufikira mutaikapo yatsopano. Komanso tsiku lililonse makinawa amadzijambula okha mmene zinthu zilili, chimene akatswiri amati sinapushoti, kotero kuti munthu akafufuta foda Lachitatu molakwitsa, mukhoza kubwerera ku Lachiwiri n'kukaitenga ili yonse. Chikhala kuti bokosi lija linali ndi nzeru imeneyi, bwenzi lero tikuonera Bambo Thole akusimba nkhani zawo mpaka dzuwa kulowa.

Koma nyumba imapsa, mphenzi imagwa, ndipo akuba sasankha. Choncho kabati ina yofanana ndi iyi yaikidwa ku Embangweni, ndipo zonse zolowa kuno zimakoperedwa kumeneko kudzera pa netiweki, pamodzi ndi masinapushoti ake. Tsoka likagwa pa boma pano, manja a makolo athu adzakhala akulankhulabe kumeneko.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene muziyang'anira makinawa. Makina otere sawonongeka mwaphokoso. Amayamba ndi kagetsi kamodzi kosintha mtundu, anthu n'kumati tiona mawa. Musamati mawa. Disiki ikafa, isintheni inzake isanatope. Magetsi akazima n'kuyakanso, musangokhulupirira kuti kukopera kwapitirira. Funsani a ku Embangweni ngati zadzulo zafika. Masinapushoti nawo amadya malo, ndiye gwirizanani ndi komiti kuti akale muziwasunga mpaka liti, ndipo chigamulo chimenecho chisakhale cha munthu mmodzi. Koposa zonse, nthawi ndi nthawi muziyesa kubweza kanema kuchokera ku kabati inayo ngakhale palibe chatayika, chifukwa ndaonapo anthu akudalira zosunga zimene sanaziyesepo, n'kudzapeza pa tsiku la tsoka kuti ankasunga mphepo. Ndipo inu a komiti, pokonza ndondomeko ya chaka musaiwale madisiki osinthira. Amene atithandiza kugula makinawa achita mbali yawo, ndipo tikuwathokoza kuchokera pansi pa mtima, koma sadzabwera kudzatisinthira disiki.

Pali chinanso choti tichiganizire. Anthu a m'makanemawa anatipatsa nkhope zawo ndi nkhani za m'nyumba zawo. Kusunga bwino sikutanthauza kuti aliyense azitenga n'kumwaza pa mafoni. Funsani eni ake, ndipo ngati anamwalira, funsani ana awo.

Mwina mukufuna kudziwa kuti Providence anathera kuti. Mwana uja atakulako, anamusiya ndi apongozi ake n'kupita ku Mzuzu kukaphunzira za makompyuta. Anandipeza ku ofesi kwanga n'kundiuza kuti, "Sindikufuna kuphunzira kutayipa, abwana. Ndiphunzitseni chimene chinadya adada." Anaphunzira, anakhoza, ndipo pomanga makinawa ndi iye amene anaumirira kuti kabati yachiwiri ikhale kutali, pamene ena ankati tiike zonse m'chipinda chimodzi kuti ntchito ichepe. Mayi Providence Thole, taimirirani anthu akuoneni. Awa ndi amene akhale mkulu woyang'anira nkhokweyi, ndipo fayilo yoyamba kulowamo aisankha okha. Sindinawafunse kuti ndi iti.

Olemekezeka nonse, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nkhokwe ya makanema a chinenero cha manja ya bungwe la Mawoko Ghithu, ya kuno ku Mzimba pamodzi ndi inzake ya ku Embangweni, yatsegulidwa kuyambira lero. Ndaona ena mwakonzeka kuomba m'manja. Dikirani pang'ono. Eni ake a tsikuli sakumva kuomba kwathu. Tiyeni tikweze manja m'mwamba, tonse, ndi a Inkosi omwe ngati angatilole, tiwagwedeze monga amachitira anzathuwa, kuti kuthokoza kwathu akuone ndi maso.

Yewo chomene. Zikomo kwambiri.