Makiyi Asanu a ku Photsaneng

Yadi ina ku Photsaneng, dera la migodi kudziko la eni, anthu ankaitcha Yunaitedi Neshonzi, chifukwa munkakhala Amalawi, Amozambiki, Abasutu ndi Atswana okwana makumi atatu, koma chimbudzi chinali chimodzi, ndipo makiyi ake anali ndi anthu asanu okha amene anachikumba mu 1979. M'mawa wina mu 1995, a Bernard Kachingwe, wapampando wa asanuwo, anali pa kreti akumvera wailesi pamene anatulukira Rodrick, mlembi wa yadi, munthu woti ukamuuza kuti dikira pano, umakamupeza pomwepo mawa lake.

"Madala, ndabwera ndi pempho la anthu," anatero Rodrick akutsegula buku. "Akuti makiyi achuluke."

"Aikona."

"Simunamve n'komwe."

"Ndamva kale. Wailesi iyi ikunena zomwezo za ku New York. Ati dziko lasintha, mipando ya akuluakulu iwonjezedwe. Analipo iwowo pokumba?"

"Za ku New York sindidziwa, madala. Ineyo ndinali sitandade thu ku Ntcheu."

"Ndiye basi. Lamulo likuti chiyani?"

Rodrick analoza ndi chala. "Wopanda kiyi apemphe kwa asanu. Mmodzi akakana, akana onse."

"Ndakana. Lemba."

Rodrick analemba, n'kuika tsiku ndi nthawi. A Bernard anakhutira ngati adya phwando. Koma chimene anadya dzulo lake chinali mutu wa nkhosa wa pa siteji ya mataxi, ndipo nthawi yomweyo nkhosayo inalira m'mimba mwawo. Anaimirira mwaulemu wonse, n'kupisa m'thumba. Kumanja mulibe. Kumanzere mulibe.

"Eish! Kiyi wanga wapita ndi akazi anga, mayi Elsie, ku tauni. Ali m'jekete yomwe avala."

"Pepani, madala."

"Pepani wa chiyani? Si iwe ukusunga kiyi wa a Mohamadi, mnzanga wokumba naye uja? Bwera naye."

"Ndikusungadi. Anati ndisunge."

"Ndiye ndipatse!"

"Sanati ndipereke."

"Iwe, ndine wapampando!"

"Eya, koma pakali pano ndinu wopanda kiyi. Mupemphe kwa asanu." Anatembenuza tsamba. "Dzina lanu?"

"Sundidziwa ine?"

"Ndikudziwani. Buku ndi limene silikudziwani."

A Bernard anaphatikiza mawondo. Ku mpopi kunali amayi asanu ndi mmodzi akuchapa, ndipo atatu anali a mumpingo umene iwo anali mkulu wake. Apa mantha anawagwira zenizeni. Zaka makumi awiri pansi pa mgodi miyala inawalephera, lero ulemu wawo wonse uthere mu thalauza pamaso pa amayi a kwaya?

"Itana msonkhano. Manje manje, pompano!"

"Chabwino. A Mohamadi anabwerera ku Nampula nkhondo itatha. Kalata imatenga miyezi iwiri."

"Adumphe amenewo!"

"Ntate, bambo aja a ku Lesotho, ali pa shifiti, atuluka folo koloko. Mayi eni yadi ali ku maliro ku Mafikeng. A Ackson..." Rodrick anavula chipewa. "A Ackson anatisiya mu 1991."

"Womwalira savota, chitsiru iwe!"

"Ndinafunsa chaka chatha. Munati mpando wawo ndi wamuyaya."

"Ndinkanena mwaulemu chabe!"

"Ndinalemba mwaulemu momwemo. Tsamba naini."

Nkhosa ija inaliranso, ulendo uno mokweza moti mayi wina ku mpopi anatembenuka. A Bernard anamwetulira n'kukweza dzanja ngati akudalitsa zochapa, thukuta lili kamukamu.

"Tamvera, Rodrick mwana wanga," ananong'ona. "Dziko lasintha. Sitingamayendetse yadi ya lero ndi malamulo a 1979. Makiyi achuluke. Aliyense wake. Ngakhale makanda."

"Mawu abwino kwambiri, madala. Koma pempho limeneli lakanidwa kale."

"Wakana ndani?"

"Wapampando. Eyiti koloko yomweyi."

"Ndikubweza!"

"Kubweza ndi kusintha lamulo. Kusintha lamulo kumafuna asanu."

"Tenga hamala uswe loko ameneyo!"

"Hau, madala! Kugwiritsa ntchito mphamvu popanda chilolezo? Munathamangitsa Yoswa pa yadi chifukwa chongomugwedeza lokoyo."

"Ndiye ndifere pano?"

"Ayi. Nditha kutumiza anthu awiri adzakuyang'anireni, alembe lipoti."

A Bernard anagwira khoma la mkhukhu, kanyumba kawo ka malata, maso ali psuu. Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwana.

"Tandiuza chimodzi chokha. Inu opanda makiyi, zaka zonsezi mumathandizika bwanji? Kuthengo ndi kutali chotani?"

"Kuthengo? Sitipita kuthengo ife."

"Nanga?"

"Timalowa momwemo."

"M'chimbudzi changa? Mwaba kiyi?"

"Ayi, kuba n'kuphwanya lamulo. Timalowera kumbuyo. Lata lakumbuyo linauluka ndi mphepo ya mu 1993. Tinangopachikapo thumba la simenti."

A Bernard anangoti kukamwa yasa. Zaka ziwiri akhala akulowa mmenemo, nkhope kuloza kuchitseko, n'kumayamikira mmisiri chifukwa cha kamphepo kabwino kakumsana.

"Bwanji sunandiuze?"

"Simunafunsepo za khoma. Misonkhano yonse imakhala ya chitseko."

Sanadikirenso. Ananyamuka timasitepe tating'onoting'ono, kudutsa pa mpopi akupereka moni mofulumira, mpaka kuseri. Kumeneko anapeza mzere wa anthu anayi, aliyense ali ndi nyuzipepala yake m'manja, ndipo palibe anasuntha. Rodrick anawatsatira, buku lili kukhwapa.

"Kuno kulibe wapampando, madala. Wofika mochedwa amaima kumbuyo."

"Nanga loko uja," anabuula a Bernard akuima pambuyo pa kamtsikana ka ku Maputo, "zaka zonsezi wakhala akutsekera ndani?"

Rodrick anayang'ana m'buku kuti asaname.

"Lero, madala, akutsekera inu nokha."