Bolodi Lofuna Khoma

Chimphepo chitagumula kalasi ya masamu pasukulu yathu pachilumba cha Savai'i, ana 42 a chaka chomaliza ankaphunzirira mu fale, denga ndi nsanamira basi, pomwe mkulu wa masamu, a Vaovasa, ankamwa koko muofesi ya makoma anayi, fani ikuwakupiza. Bungwe lina litatumiza fomu yoti tisankhe chimodzi, bolodi lamagetsi kapena makakyuleta a ana onse, a Vaovasa anaitana Fuatino, mphunzitsi watsopano, kuti awalembere poti magalasi akuti anaiwala kunyumba.

"Lemba bolodi," anatero a Vaovasa. "Fomuyi ikwere sitima ya 2 koloko."

Fuatino analemba. "Pali mafunso, bwana. Loyamba: mwana azichita nacho chiyani chipangizochi?"

"Aziliona."

"Aziliona. Basi?"

"Nanga alidye? Ndinaliona kumsonkhano mumzinda wa Apia. Ukalikhudza ndi chala, mzere umapindika wokha."

"Mayeso a mu Novembala amalowa ndi kakyuleta. Ana a ku Apia ali nayo aliyense. Athuwa theka sanaigwirepo."

"Ndiye kuti athuwa ubongo wawo sunawole. Ine ndinakhoza ndi pensulo. Funso lina."

"Bolodilo likhomedwa pakhoma liti?"

"La kalasi."

"Kalasi ilibe khoma, bwana."

"Ulimangirire pansanamira."

Fuatino anatembenuza pepala. "Akuti khoma la simenti, losafika mvula. Ndilembe kuti nsanamira ndi simenti?"

"Usaname, mwana iwe, ndine dikoni ine. Lemba kuti khoma lipezeka."

"Akufuna muyeso wake." Anatulutsa tepi m'chikwama n'kuzungulira desiki. "Tasunthani pang'ono."

"Ukuyeza chiyani kumbuyo kwangaku?"

"Lapezeka. Mamita atatu, ndipo soketi nayi. Koma ndi imodzi, ndiye fani tizula."

"Ino ndi ofesi."

"Fomu sinafunse dzina la chipinda, yafunsa khoma. Funso lachitatu: ana azikhala m'chipindacho maola angati patsiku? Akuti akachepera anayi adzabwera kudzalitenga."

"Ana m'muno?"

"Paja mwati aziliona. Ali ku fale salionatu." Anayamba kuyeza pansi ndi mapazi. "Akathithikana pamikeka akwana. Desiki ituluke. Mpando wogonerawo utulukenso."

"Si wogonera. Ndimaganizirapo masamu."

"Muzikaganizira ku fale. Kuli kamphepo kabwino. Nkhumba za abusa zimafika cha m'ma 11 koloko, koma sizivuta, zimangofuna choko. Mvula ikamabwera cham'mbali mumasunthira pakati. Ife tazolowera."

A Vaovasa anaika kapu pansi. Anayang'ana fani nthawi yaitali.

"Kakyuletayo imafuna khoma?"

"Ayi."

"Soketi?"

"Dzuwa lokha."

"Nanga mwana amachita nayo chiyani?"

"Amaigwira, amalakwitsa, amayesanso. Madzulo amapita nayo kwawo."

"Hmm. Koma imawoletsa ubongo."

"Munatero, bwana, n'chifukwa chake ndalemba bolodi. Ndi inki. Ndipo ndayamba kulikonda. Tangoganizani, ana onse 42 pompano, atangochoka kosewera mpira wa rugby, mawindo otseka kuti chithunzi chioneke bwino."

"Otseka?"

"Tsamba lachiwiri, ndime yomaliza. Ndiwerenge?"

A Vaovasa anatsomphola fomu ija. Anapisa m'thumba la malaya, magalasi aja n'kupezeka ali momwemo. Anakhwatcha bolodi katatu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka, analemba makakyuleta ndi zilembo zikuluzikulu, n'kusaina.

"Vuto lanu achinyamata ndi limeneli," anatero akumupatsira fomu. "Mumangothamangira zonyezimira osaganizira mwana. Ine ndikanapanda kulowererapo ana athu akanalowa mayeso chimanjamanja. Thamanga, sitima ikusiya."